Tsiku Limene Ndinafukiza Phiri ku Bama

Amene akuti ndine wabodza aimirire tione, aike botolo lakelo pansi, andiyang'ane m'maso muno. Inu a Chirwa, ndakuonani mukutsinzinira anzanu a ku ofesiwo, ngati kunena kuti nkhalamba yayamba zake zija. Tsinzinirani. Maluwa a pabwalo panuwa ndithirirabe mawa monga mwa masiku onse, koma lero ndi Lamulungu, khasu ndasiya, ndipo sindikulankhula ndi inu. Ndikulankhula ndi mayi Nabanda awa, amene mwawakonzera phwando lotsanzikanali, amene Lachisanu akukwera ndege ku Embakasi kubwerera kwawo ku Ntchisi. Mayi, ndili ndi mawu oti mukanditulire kumeneko. Zaka pafupifupi makumi anayi ndakhala mu Nairobi muno ndikudikira munthu wa ku Ntchisi, koma obwera kuno ndi a ku Blantyre, a ku Mzimba, a ku Zomba okhaokha. Mukuti chiyani? Ine munthu wa dzina la Makwinja, wa ku Phalombe, ndili ndi ndani ku Ntchisi? Khalani pansi kaye, watakisi wanuyo adikire. Simungatenge mawu anga musanadziwe kuti akukutumani ndi munthu wotani.

Anyamata a ku yunivesite awa anandiwerengera buku lawo, akuti nkhondo yaikulu ija inatembenukira ku Rasha, kumene Majeremani anaumira ndi chisanu m'mbali mwa mtsinje, ena akuti kuchipululu cha Iguputo, ena akuti pakati pa nyanja pomwe sitima za Amereka zinamiza za Ajapani. Olemba mabukuwo analipo? Ine ndinalipo. Nkhondo imeneyo inatembenukira ku Bama, dziko loyandikana ndi India, pa phiri lina lopanda dzina m'mbali mwa mtsinje wa Chindwini, ndipo woitembenuza ndine, ndi mapapo angawa. Mukumva?

Choyamba mudziwe dziko lake. Kumeneko mvula sigwa madontho ayi, imagwa mitsinje yathunthu ndi nsomba zake zomwe, mwakuti ndiwo tinkangotola pa chipewa, ndipo matope ake ankameza lole ndi dalaivala yemwe n'kugeya, ndiye misundu yake, mayi, msundu umodzi kukula ngati mkono wangawu, wina unandiyamwa mwendo sabata yathunthu, utakhuta magazi a ine unalimba mtima n'kuyamba kuguba pambuyo pathu, phazi kumanzere phazi kumanja ngakhale unalibe mapazi, mpaka mzungu wathu anaupatsa nambala ndi mfuti. Sekani. Chipsera chake ichi, onani.

Tsono Ajapani anali atakumba phiri lonselo, mauna okhaokha, una pamwamba pa una, kulowa apa kutulukira uko. Ndege zinaponya mabomba mwezi wathunthu, mizinga inalira mpaka anyani onse a m'nkhalangomo anagontha n'kumalankhulana ndi manja, koma tikati tikwere, Ajapani aja tulukiru, bwinobwino, atameta ndevu, atadya mpunga wawo, n'kutibweza ndi zipolopolo. Kuseri kwa phiri kunali mtsinje, kuseri kwa mtsinje kunali nkhondo yonse ikudikira ife. Mkulu wa asilikali onse, mzungu wa ndevu zofika pa lamba, anakhala pa chitsa n'kugwira tsaya ngati wafedwa.

Ndinapita ine, wopanda ngakhale mzere umodzi pa mkono, n'kumenya sawatcha. Ndinati, “Bwana, kodi kwanu mumakumba mbewa?” Anati ayi. Ndinati, “Ndiye vuto lanu ndi limenelo.”

Chifukwa mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti mbewa sulimbana nayo pa una. Umayamba wafufuza mbuli, kabowo kobisika kothawira kaja, n'kutseka, ukatero ndiye ubweretse utsi. Azungu aja, ndi masukulu awo onse, ankamenya pakhomo mbewa zili phee kuchipinda.

Ndinatenga munthu mmodzi yekha, mnzanga wa pamtima, amene tinkadya mbale imodzi ndi kufunda bulangete limodzi chichokere ku Zomba. Tinakwawa kuzungulira phiri lonse, ine patsogolo ndikununkhiza, chifukwa mphuno iyi inkamva mpunga wophikidwa pansi pa mwala, ndipo mbuli iliyonse tikaipeza tinkatseka, ina ndi chulu chozula ndi manja, ina ndi jombo, ina ndi sokosi yanga imene ndinali nditavala miyezi isanu ndi umodzi, imeneyo yokha inagwetsa alonda awo asanu tisanayatse n'komwe moto, ndiye yotsiriza, mbuli yaikulu yotulukira magalimoto awo, ndinagwira njovu pa chitamba n'kuikankha chambuyo mpaka inalowa ndi matako n'kukhala thi, ngati chitsekero cha botolo. Mukumva, mayi? Njovu yamoyo, ikuphethira.

Pa una waukulu ndinaunjika ndowe za njovu yomweyo, zimene ndinaumitsa m'khwapa poti dzuwa kunalibe, pamwamba pake fodya wa chikopa amene amayi anandimangira pochoka kumudzi, ndi tsabola wa kambuzi wodzaza chipewa. Ndinayatsa. Kenako ndinakoka mpweya kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu, mitengo yonse ya m'nkhalango kuweramira kwa ine, mitambo kutsika, ndege ziwiri kutsala pang'ono kundilowa m'mphuno, ndipo Lachinayi m'mawa ndinauzira, osapumira, Lachinayi, Lachisanu, Loweruka, masaya atatupa mpaka anzanga kubisala mvula pansi pake, phiri lija n'kuyamba kunjenjemera, n'kutsokomola kawiri, ndipo Lamulungu nthawi ya mapemphero linayetsemula, linadumpha lonse lathunthu ndi mitengo yake n'kukagwa chagada pakati pa Chindwini, madzi n'kupatuka, asilikali athu ndi malole ndi mizinga n'kuwolokera pamimba pake mapazi osanyowa. Ajapani anatuluka ngati ngumbi, misozi chuchuchu, ine n'kumangowatola ndi kuwapana malamba pa nsungwi monga tichitira mbewa pa mpani. Utsi wotsala unalowa pansi pa nyanja, unakatulukira kukhitchini kwa mfumu yawo ku Tokyo, wina unakhota n'kukatulukira ku Jeremani m'chipinda cha pansi momwe akuluakulu awo ankajambula mapu, ndipo kuyambira tsiku limenelo adani kulikonse ankangoyenda chobwerera m'mbuyo. Mabuku anuwo akalembe zimenezo.

Mukupita, a Chirwa? Pitani, nyama ingapserere. Anyamata inunso thamangani, maminibasi a kuno aja amati matatu sadikira munthu Lamulungu. Pitani bwino. Amatero masiku onse, mayi, akaseka za njovu basi akhuta, kumapeto sanamvepo n'kamodzi komwe. Inenso sindinawakakamizepo.

Inu musaimirire. Sunthirani mpando kuno, mawu atsalawa si ofuula.

Ndimakhala ku Kasarani, kuseri kumene akumanga bwalo lalikulu la mpira, m'kachipinda kamodzi ka malata. Mu matatu ndine Mzee, ndiye kuti nkhalamba, pogula ndiwo zamasamba za sukuma ndine Mzee, ana a pamenepo amati Mzee Bama. Anthu abwino, sindiwanena. Koma Chichewa ndimalankhula ndi mpiru wa m'dimba la a Chirwa, popeza eni ake ndi ana awo ndi Chingerezi chokhachokha mpaka Lamulungu. Chaka chatha ndinaiwala dzina la chipande. Ndinachigwira m'manja, ndikuchiona, m'kamwa mukubwera Chiswahili chokha, ndipo ndinakhala pakhomo tsiku lonse osadya, ndikuopa kuti mawa ndiiwala lina. Ndimasungulumwa, mayi. Ndanena.

Za njovu zija, za utsi wofika ku Tokyo, muzitenge mmene mungazitengere. Koma phiri linalipo, mauna analipo, ndipo mnzanga uja analipo. Msilikali aliyense ankavala kanambala m'khosi, pa chingwe, kuti akafa adziwe kolembera kalata. M'mawa wa tsiku lokwera phiri ndinamupeza mnzanga ali ndi mantha, tiyi osamwa. Anati walota amayi ake atameta mpala. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, “Usaope, kanambala kanga aka anakaphika a sing'anga kwathu, chipolopolo chikakaona chimasanduka madzi. Vala kanga, undipatse kako, ine ndine wokhwima kale.” Anavala, anaseka, n'kumwa tiyi wake.

Kanambala kaja sikanaonepo sing'anga. Anandipatsa ndi kalaliki ku Zomba, mofanana ndi ka wina aliyense. Ndinkafuna asiye mantha, inde, komanso ndinkafuna andiyese munthu woopsa. Ndipo anandikhulupirira. Ife tonse tinakwera chokwawa, mphuno m'matope, iye anakwera choimirira, chifuwa patsogolo, akuimba nyimbo ya kwawo. Ndinamukuwira kuti agone pansi, anatembenuka n'kundionetsa kanambala kaja. Sanafike ngakhale pa una woyamba.

Ine chitsulo cha bomba chinandipeza masana ake, ndipo chipsera ndakuonetsani chija ndi chimenecho, si cha msundu. Ndinatsitsimukira m'chipatala ku India, pakati pa anthu osandidziwa. Kalaliki anagwira chingwe cha m'khosi mwanga, anayang'ana m'buku, anati, “Makwinja.” Ndikanati si ine, akanafunsa kuti nanga mwini wake ali kuti, ndipo anafa bwanji. Ndinati, “Ndilipo, bwana.”

Makwinja anali iyeyo, mayi. Wa ku Phalombe anali iyeyo.

Kalata ya maliro inapita kwathu ku Ntchisi, poti mtembo wake unavala kanambala kanga. Nkhondo itatha anatisunga mu kampu kunja kwa tauni ino, tikudikira ulendo wa kumudzi, ndipo kumeneko ndinakumana ndi dalaivala wina wochokera mudzi woyandikana ndi wathu, wosandidziwa nkhope. Ndinamufunsa za ine mwini, osatchula dzina, ngati nkhani ya mnzanga wa mudzi wathu. Anati, aaa, ameneyo tinaika kale, mtembo kunalibe ndiye anaika thunthu la nthochi, anthu anameta, mkazi wake anamusudzula, pano ali ndi mwana kwa mwamuna wina. Anati amayi ake sanakhalitse pambuyo pake. Ndinamuthokoza, ndinamupatsa ndudu. Kwathu ndinali mzimu, ndipo ku Phalombe kunali mayi wina akusesa pakhomo kudikira mwana amene boma linati ali moyo. Ndikanapita kuti? Tsiku limene anzanga ankakwera malole, ine ndinazungulira kuseri kwa khitchini n'kukhala pansi mpaka fumbi litatha.

Tsono mawu anga ndi awa. Mukafika pa boma pa Ntchisi mukafunse njira ya kwa Chimwala, kuseri kwa phiri. Mukafunse Velinasi, mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga. Mukamuuze kuti chimene anaika chija inali nthochi basi, mlongo wake akuthirira maluwa ku Westlands kuno ku Nairobi. Akakana, mukamuuze kuti chipsera cha pa chigongono chake cha kumanzere anamugwetsa mu mtengo wa masuku ndine, n'kukanamizira mbuzi. Sindikupempha kuti anditumizire kanthu, kapena andikhululukire. Angodziwa. Mukapeza anatisiya, mukauze ana ake. Mukapeza palibe aliyense wondikumbuka, musadzandilembere kalata, ndizingoyesa kuti mukadali m'njira.

Mukulemba? Lembani bwino, Mulungu akudalitseni. Watakisi uja akuliza hutala, ndamva, pitani. Koma mwaiwala kufunsa chinthu chimodzi, mukanena kuti wakutumani ndani? Zakeyu. Zakeyu Phiri. Chichokere pa phiri lija palibe pakamwa pa munthu panatulukapo dzina limeneli, ngakhale panga. Musanapite, tanditchulani kamodzi, monga aitanira munthu kwathu.

Bwerezani, mayi, khutu ili mizinga inaliwononga.

Iyayi, ndanama, limamva bwinobwino. Bwerezani basi.