Lilime la a Kachigamba

Mwambi uwu, ana anga, unayamba motere. Khalani pansi, nkhani yake si yaitali.

Pamudzi wina chakumapiri a ku Dedza kunali bambo wina, a Kachigamba. Khasu linkawalemera, denga lawo linkadontha chaka ndi chaka, koma lilime anali nalo. Akangopsontha mowa kamodzi ankakuuzani ngati chimera chake n'cha mawere kapena cha chimanga, masiku amene wagona, ngakhale kumene anatunga madzi ake. Akazi awo, Nankhoma, ndiwo ankafulula mowa pamudzipo, ndipo kwa zaka zambiri analibe wopikisana nawo.

Kenaka kunabwera mayi wamasiye wochokera ku Ntcheu, Namaseko. Anali wofatsa, wa mawu ochepa. Iye ankayamba wakazinga chimera pang'ono paphale asanasinje, ndipo mowa wake unkatuluka wofiirira ngati katondo wonyowa, wonunkhira, waukali. Anthu anayamba kudutsa pakhomo pa a Kachigamba atayang'ana kumbali.

A Kachigamba sanaulawepo mowawo. "Ine ndimwe matope?" ankatero. Koma fungo lake likabwera ndi mphepo ankameza malovu, kenaka n'kuyamba kukalipira nkhuku. Namaseko akafulula sankaiwala kuwatumizira kachipanda, monga amachitira anansi. Iwo ankabweza, maso ali pa chipandacho mpaka chitakhota kuseri kwa nkhokwe.

Chaka chimenecho a Zingalume, mwini mbumba yaikulu pamudzipo, ankakonza zomanga chiliza cha amayi awo. Kunkayembekezeka alendo a midzi isanu, ndipo wofulula mowa wa tsikulo dzina lake likanamveka kutali. A Zingalume anati amayi awiriwo afulule aliyense mtsuko umodzi, a Kachigamba alawe, wokomawo mwini wake atenge ntchitoyo.

"Koma mmodzi ndi mkazi wawo," wina anadandaula.

"Lilime langa silidziwa chibale!" anatero a Kachigamba, akudziguguda pachifuwa.

"Chabwino," anatero a Zingalume. "Koma sabata ino musayandikire mbiya ya kwanu, ndipo tsikulo sitikuuzani mwini mtsuko."

A Kachigamba anavomera, mumtima akuseka. Mtsuko wa Namaseko ndani sankaudziwa? Unali wakuda, wokhala ndi zolemba ngati mapazi a nkhuku m'khosi mwake. Sabata yonse anaithera m'makomo mwa anthu, kunong'oneza kuti mowa wa ku Ntcheu umatsegula m'mimba.

Zimene sankadziwa ndi izi. Amayi awiriwo analibe chidani, ankathandizana kusenza ndowa kuchitsime. Nankhoma anafunsa mwamanyazi za kakazingidwe ka chimera, ndipo Namaseko anapita yekha kukawagwirira mthiko, osabisa kanthu. M'mawa wa tsiku lolawa, mtsuko wa Nankhoma unapezeka ndi mng'alu. Namaseko anatsuka mtsuko wake wakuda uja n'kuwabwereka, mowa wake n'kuthira mumtsuko wamba wosalemba.

Dzuwa lili paliwombo, anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa a Zingalume. Mwa mwambo, mwini mowa ndiye amayamba kumwa kuti anthu aone kuti mulibe choipa. Koma tsikulo, kuti eni ake asadziwike, a Zingalume anamwako okha m'mitsuko yonse iwiri. Amayi awiriwo anakhala pamphasa imodzi chapatali.

A Kachigamba anaona mtsuko wakuda, nati, "Tiyambe ndi uwu, tithane nawo."

Anatunga. Mowawo unali wofiirira, thovu lake losachedwa kukhazikika. Anaununkhiza, mphuno zinanjenjemera zokha. Anapsontha. Ana anga, mowa umenewo unayamba ndi kutsekemera kwa mtedza wokazinga, pakati n'kuwawira pang'ono, pomaliza n'kutsika ndi kamoto mpaka kumchombo. Chibadwire anali asanamwepo wotero. Nsanje inawagwira.

Anachita tsinya, nalavulira pambali timadontho tiwiri tokha, kwinako atameza.

"Hii! Abale, ichi n'chiyani?"

"Bwanji kodi?" anafunsa a Zingalume. "Ine ndaumva kukoma."

"Inu mumamwa ndi mmero, ine ndimamwa ndi lilime. Imani ndilawenso, ndingamunamizire munthu." Anamwa theka la chipanda. "Eya, ndamva tsopano. Chimera chinapserera. Madzi ake ndi otsukira mbale."

"Nanga bwanji chipanda chikutha?" anakuwa mkulu wina kumbuyo.

"Ndikufufuza pamene pathera kuipaku!" Anatunganso china. "Wofulula uyu manja ake ngolemera. Mwamuna amene angamwe zotere tsiku ndi tsiku ndimumvera chisoni. Ngati anafa, anapumula."

Pamphasa paja Nankhoma anafuna kudzuka, koma Namaseko anawagwira chitenje mwakachetechete.

Atatha zipanda zitatu za mowa woipawo, a Kachigamba anasendera ku mtsuko wosalemba, miyendo itayamba kale kukangana. Anaona kuti nawonso ngofiirira, koma mutu unali utafunda, sanafunse. Asanameze n'komwe anatseka maso.

"Uwu ndiye mowa! Imvani fungo! Mayi amene anafulula uwu, ndikanakhala mbeta ndikanamufunsira lero lomwe!"

"Mwatsimikiza?" anafunsa a Zingalume.

"Ndatsimikiza! Wachiliza ndi uwu. Wakudawo kathireni kukhola la nkhumba, koma muyambe mwazipepesa nkhumbazo."

"Mwini mtsuko wosalemba aimirire," anatero a Zingalume.

Namaseko anaimirira, maso ali pansi.

A Kachigamba anaphethira kawiri. "Ayi, mayi, khalani pansi, simunamve. Akuti wosalembawu."

"Ndi wanga, bambo," anayankha motsitsa. "Wakudawo ndinawabwereka amayi a kunyumba kwanu, wawo unang'aluka."

Kenaka Nankhoma anadzuka, namanga chitenje bwinobwino, nayenda mpaka pamene panakhala amuna awo.

"Madzi otsukira mbale, eti bambo?"

"Mayi, ine ndimati..."

"Manja anga ngolemera. Ndiye mukumumvera chisoni mwamuna wanga? Musadandaule, kuyambira lero wapumula."

Anthu anaseka mpaka ena kugona chammbali. A Kachigamba anayesa kukonza. "A Zingalume, lilime linali lisanadzuke! Ndilawenso wakudawo!"

"Mwalawa katatu, achimwene. Mlandu watha."

Namaseko anadikira kuti phokoso lichepe, kenaka anapempha kuti popeza alendo ndi ambiri, mbiya azigawane ndi Nankhoma. A Zingalume anavomera. Koma Nankhoma anaika lamulo limodzi, lakuti munthu amene amadwala ndi mowa wawo asadzaupatsidwe, angafe. Ndipo tsiku la chiliza, alendo a midzi isanu akuyamikira mowa wofiirira uja, a Kachigamba anakhala pamzere wa ana, atagwira kapu ya thobwa. Amene anawapatsa anali Namaseko, atathiramo shuga pang'ono kuti mtima ukhale pansi.

A Zingalume podutsa anawayang'ana, nayang'ana kapuyo, napukusa mutu.

"Achimwene," anatero, "choipa chitsata mwini."