Asilikali a Madontho M'munda wa a Sichali

Munthu wa imvi ngati ine kugwada m'munda wa eni m'mawa wonse, magalasi ali pamphuno, n'kumatswanya ndi chala tizilombo tomwe timandigwirira ntchito ulere, si nkhani yoti ndiziifotokoza pagulu. Koma poti kuno ku Area 15 yafika kale mpaka kwa amayi ogulitsa nthochi pamphambano, bola muimve kwa mwini wake. Ndipo dziwani kuti kutswanyako kunali kuyamba chabe.

Oyandikana nawo nyumba ndi a Sichali, kwawo ku Misuku, amagwira ntchito m'boma ku City Centre. Kuseri kwa nyumba yawo kuli mitengo ingapo ya khofi. Mbande zake anazinyamula okha pamiyendo m'basi kuchokera m'munda wa malemu bambo awo, ndipo chaka chino m'pamene mitengoyo inabereka koyamba mooneka. Munthuyu akaweruka kuntchito amayamba walonjera khofi asanalowe m'nyumba. Cha kumpanda kunali kadimba ka mayi Sichali, kodzadza ndi nkhwani wa masamba aakulu ngati mbale za alendo.

A Sichali atatenga tchuthi kuti apite kumudzi ndi banja lonse, anandisiyira mundawo.

"Akulu, inu muzingothirira basi," anatero. "Khofiyu akapsa, kapu yoyamba tidzamwera limodzi."

Mawu akuti "basi" ndinawamva bwinobwino. Vuto langa ndi lakuti ndimawerenga. Sukulu ndinalekezera panjira, koma ndinagwira ntchito zaka zambiri pamalo osindikizira mabuku ku Old Town, ndipo chilichonse chotuluka m'makina ndinkachiwerenga inki isanaume: malamulo a pamsewu, nyimbo za kwaya, kawetedwe ka njuchi. (Mayi akunyumba amati mutu wanga uli ngati belo ya kaunjika, zonse zilimo koma saizi ndi yamwayi.)

Nditathirira masiku angapo, ndinaona kuti masamba ena a khofi akuda ngati apakidwa mwaye, ndipo akumata m'manja. Nditatembenuza tsamba ndinapeza tinsabwe tobiriwira, taphwatalala, titamatirira m'mitsempha ya tsamba ndi kunsonga zanthete. Nyerere zinali pikitipikiti kukwera ndi kutsika. Pakati pa zonsezi panali tina toipa nkhope zedi, takuda, ta mingaminga, ta timawanga tachikasu, tooneka ngati ana a ng'ona. Sindinachite kufunsa. Ndinagamula pomwepo kuti woipa nkhopeyo ndiye wakuba, ndipo ndinayamba ntchito ndi chala chachikulu, mtengo ndi mtengo.

Mayi akunyumba anasuzumira pampanda.

"Bambo a Chikondi, kodi kuthirira kwake n'komweko?"

"Ndikupulumutsa khofi wa eni."

"Anati muzithirira."

Masana ndinakafukula buku lina lachingerezi lonena za ulimi wa khofi, lomwe ndinagula kalekale kwa ogulitsa mabuku pansi pafupi ndi msika. Chikuto linalibe, ndipo zithunzi zake zinali zopanda mtundu, zakuda ndi zoyera basi. Nditatsegula masamba angapo, si uyu mwana wa ng'ona akundiyang'ana! Pansi pake analemba kuti kameneka ndi kamwana ka tizikumbu tija tofiira ta madontho akuda, tomwe ana amakonda kutiyendetsa pamkono, ndipo kuti chakudya chake ndi nsabwe zomwezo zoyamwa khofi. Ndinayang'ana chala changa. Ndinali nditapha apolisi n'kusiya mbava zikupuma pamthunzi.

Manyazi analipo, koma chidwi chinaposa. Bukulo linati nsabwezi zikayamwa mtengo zimatulutsa timadzi totsekemera, mwaye uja umamera pa timadzi timeneti, ndipo nyerere zimaweta nsabwezo monga momwe ife timawetera ng'ombe. Izi sindinakhulupirire mpaka nditatenga galasi lokuzira zinthu n'kukakhala pa njerwa pansi pa mtengo. Abale, n'zoona. Nyerere imafika, kusisita nsabwe ndi tinyanga take mwaulemu, kadontho n'kutuluka, iyo n'kumwa, n'kupita pa ina. Kamwana ka ng'ona kamodzi komwe kanapulumuka chala changa katayandikira, nyerere zinakaunjirira mpaka kanagwa pansi. Ndinakhala pamenepo mpaka payipi inasefukiza madzi kufika pakhonde.

Bukulo linanenanso kuti minda ya khofi yoyandikana ndi tchire kapena nkhalango sivutika kwambiri, chifukwa tizikumbuti ndi timavu tina tating'onoting'ono timakhala m'tchiremo n'kumabwera tokha kudzadya nsabwe. Munthu wanzeru akanawerenga pamenepo n'kudikira. Ine ndinaganiza kuti popeza asilikali ndawapha ndine, ndiyeneranso kukalemba ena ntchito.

Choyamba ndinamanga kansanza kopaka girisi patsinde la mtengo uliwonse kuti nyerere zisakwere, monga bukulo linalangizira. Kenako ndinatenga botolo la mayonezi, n'kuboola chivindikiro ndi msomali, ulendo. Ndinazungulira mipanda ya maluwa ya mu Area 14 ndikusuzumira m'masamba, mpaka mlonda wina anayamba kundilondola chapatali, chibonga chili m'manja. Ndinangopezako towerengeka. Ndiye ndinakumbukira madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kumunsi kwa mlatho wopita ku Old Town.

Kumeneko ndiye kunali khamu. Pa nkhwani wa mayi wina, amene anzake ankamuitana kuti Abiti Saidi, tizikumbu ta madontho tinali waliwali tsamba lililonse.

"Bambo, mwataya chiyani m'maungu mwangamo?"

"Pepani mayi, sindinataye kanthu. Ndimapempha nawo tizikumbuti."

Anaika kheni yothiririra pansi n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Mukadye?"

"Ayi, ndikukatilemba ntchito."

Anatembenuka n'kukuwa: "Anzanga, tabwerani! Kwabwera bambo wofuna tizilombo!"

Posakhalitsa amayi a madimba oyandikana anali atandizungulira, aliyense akutola ndi manja awiri. Botolo langa litadzadza, Abiti Saidi anakhuthula madzi m'kachigubu kake n'kundipatsa. Ine mtima unayamba kunditsutsa kuti ndikuwabera anthu osadziwa chuma chawo. Ndinaimirira n'kuwafotokozera mwachifatse kuti tizikumbuti ndi abwenzi a mlimi, ndipo ndi bwino asungeko pang'ono.

"Iii, tengani bambo," anatero Abiti Saidi, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ife abwenzi tili nawo ambiri. Mawa mubwerenso."

Ndinachoka ndikuganiza kuti anthu a mtima wabwino akadalipo m'tauni muno. Kumbuyo kwanga kunamveka phwete, koma ndinati ndi nkhani zawo.

Kunena zoona, m'minibasi ndinaona kuti asilikali angawo sanali ofiira kwenikweni. Anali otuwirako, mtundu wa njerwa yosapsa bwino, osanyezimira, ngati ali ndi tiubweya pamsana. (Ndinadziuza kuti ndi fumbi la ku Old Town, pakuti ngakhale nsapato zanga zinali mtundu womwewo.) Madontho analipo, ndipo pachithunzi chopanda mtundu chija ankafanana ndendende.

Dzuwa litapendeka ndinawakhuthulira pa khofi, mtengo uliwonse gulu lake, ndipo ndikuvomera kuti ndinawalankhulako mawu ochepa owalimbikitsa. Kutacha ndinathamangirako ndi galasi langa. Nsabwe zinali phee, zonenepa monga dzulo. Msilikali ngakhale mmodzi panalibe. Ndinaganiza kuti mwina ndinabweretsa ochepa ndipo achita mantha, choncho ndinabwereranso kudimba kuja. Ulendo uno amayi aja anandilandira ngati mkamwini wolemera, ndipo ena anali atanditolera kale m'mapepala a shuga.

Sabata isanathe, mayi akunyumba analowa m'munda muja kukathyola nkhwani, poti mayi Sichali anawauza kuti azithyola kuti asakhwime. Ine ndinali pa njerwa yanga.

"Bambo a Chikondi."

"Ndikumva."

"Tabwerani mudzaone makatani."

Masamba aja aakulu ngati mbale anali atasanduka sefa. Ukakweza tsamba umaona mpanda mbali inayo. Ndipo pa tsamba lililonse, pamwamba ndi pansi, panali asilikali anga, akudya mwakachetechete ngati anthu a pamaliro a munthu wolemera. Ndinayandikitsa galasi. Kachikumbu kanali kukokota tsamba mizeremizere, mwaluso ndithu, kusiya mitsempha yokha. Pansi pa masamba panali timagulu ta timazira tachikasu, kusonyeza kuti alendowo malo awakonda ndipo akhazikika.

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kuti nkhwani wa Abiti Saidi nayenso anali ndi makatani omwewa. Ndinawaona ndi maso angawa, koma ndinati ndi ntchito ya nsabwe zomwe asilikaliwo anabwera kudzathana nazo. Ndinakumbukiranso phwete lija.

"Ndiye bukulo likuti chiyani?" anafunsa mayi akunyumba, manja ali m'chiuno.

"Likuoneka kuti banja limeneli lili ndi asuweni osadya nyama."

"Asuweniwo mwawakweza minibasi kawiri."

Tinatola tizikumbuto awiriwiri, kuponya m'beseni la madzi a sopo, m'mawa ndi madzulo, ine ndikuyesa kuyambitsa nkhani zina. Koma tikatola lero, mawa taswa tina, timphutsi tachikasu ta minga tomwe timadya kuposa makolo awo. Pofika masiku oti eni munda abwere, kadimba kaja kanali mitsempha ndi mapesi.

Chodabwitsa n'chakuti masiku onsewo khofi ndinamuiwala, kupatula kumuthirira. Tsiku lina ndikudutsa ndi beseni langa ndinaona kanthu kofiira psuu, konyezimira ngati kapakidwa polishi, kakuyenda pansonga. Pafupi pake panali ana a ng'ona, ambiri ndithu, ali kalikiliki pa nsabwe. Nyerere zinali zitaunjikana pansi pa kansanza ka girisi, kusowa polowera. Nsabwe zina zinali zitauma, zili ndi kabowo pamsana, ndipo ndikukhulupirira kuti imeneyo inali ntchito ya timavu tija. Onsewa anachokera kuseri kwa mpanda, pa puloti ina yosamangidwa yodzadza udzu ndi maluwa a deliya, yomwe ine ndakhala ndikuidandaula kwa aliyense kuti ikusunga njoka. Sanafune botolo, sanafune minibasi. Ankangodikira kuti nyerere zichoke ndiponso kuti ine nditanganidwe ndi zina.

Tsiku lofika a Sichali ndinalawirira kumsika kukagula nkhwani wopepesera. Mtolo wokongola kuposa yonse, wa masamba osabooka ngakhale pamodzi, unali pa thumba la Abiti Saidi. Anandizindikira ndisanayandikire.

"Bambo a tizilombo! Ntchito akuigwira bwanji anyamata aja?"

"Akulimbikira," ndinatero.

Anandiwonjezera kamtolo kena ka basera.

A Sichali atatsika galimoto analunjika ku khofi. Anayenda mtengo ndi mtengo, kugwira zipatso zomwe zinali zitayamba kufiira, kutembenuza masamba, kugwedeza mutu mokhutira. Mayi Sichali anaima pa kadimba kawo. Anaima nthawi yaitali. Ine ndinayandikira ndi mtolo wanga kudzanja lina, buku kudzanja linalo, n'kuyamba kufotokoza za asuweni osadya nyama, za nyerere zoweta ng'ombe, za ubwino wa tchire. Anandimvetsera mpaka kumapeto, analandira mtolowo ndi manja awiri, nati, "Zikomo, tamva," n'kulowa m'nyumba. Chitseko sanachimenyetse. Bola akanachimenyetsa.

Ngati pali chomwe ndaphunzira, mwina n'chakuti munthu akakuthandiza mokondwa kwambiri kutola chinthu m'munda mwake, yamba wafunsa chifukwa chake. Koma sindikulonjeza zambiri, pakuti dzulo lomweli ndinaona chiswamphika pa mpanda ndipo ndinayamba kale kudzifunsa kuti kodi chimadya zingati patsiku.

Patapita masiku, ndikusesa pakhomo, a Sichali anasuzumira pampanda. Anayang'ana kaye kumbuyo kwawo, n'kutsitsa mawu.

"Akulu, ine ndilibe nanu mlandu, khofi mwamuchiritsa ndipo kapu yanu ilipo. Koma mayi andituma ndikufunseni. Akuti kodi m'buku lanulo muli mutu wonena za nkhuku? Chifukwa ngati ulimo, akuti nkhuku zathu tizisamutse lero lomwe."