Mutu Wometa Mbali Imodzi

Lolemba

Andiitana! Lachisanu m'mawa ndikaonekere ku Balaka, ku kampani ina ya thonje. Akufuna kalaliki wosunga katundu, koma ayamba andifunsa mafunso, aone ngati Fomu 2 yanga idakalimo m'mutu.

Ndakhala pakhonde, ndipo ndikudziona kale: tebulo langalanga, zenera loyang'ana ku njanji, pensulo pakhutu, tinthonje tikuyandama m'kuwala kwa dzuwa.

Zofunika: jekete la pa ukwati, malaya oyera, khadi la chipani, Chingerezi. Ndi mutu.

Mutuwu ndiye wavuta. Chiikireni Agnesi m'manda sindinamete. Kuno ku Utale, kwawo kwa mkazi wangayo, wamasiye sakhudza lumo mpaka abale a malemu atachita m'meto womaliza. Tsitsi lafika pakolala. Ndevu ngati chisa cha mpheta. Boma nalo silifuna mwamuna wa tsitsi lotere.

Lachiwiri

Kwa a Likoswe, amalume ake a Agnesi, eni mbumba. Ndanjuta, ndikufotokoza. Iwo akuluka dengu, maso ali pa nsungwi.

"M'meto wopanda mowa, akamwini? Iyayi. Chimera chomwe sitinaviike."

Pobwerako nditsegula sutikesi. Jekete likununkhirabe sopo wa Agnesi. Ndimati ndikaliyanike panja lipitidwe mphepo. Pozindikira, dzuwa lapendeka, ine ndidakali pamphasa, jekete lili pamiyendo.

Chingerezi cha lero: palibe.

Lachitatu

Kusita malaya. Makala m'simbi, kuuzira monga ankachitira mwini wake. Ndikusita, ndikuyeseza mayankho. Bwana wa m'maganizo mwanga ndi munthu wofatsa. Wandipatsa mpando, akufunsa za kunyumba. Ndikumuuza m'Chingerezi chosalala kuti mayi a kunyumbako ali bwino, apita kukathyola therere, abwera posachedwa...

Fungo!

Pamsana pa malaya pajambulika simbi yathunthu, yofiirira, ndi mphuno yake yomwe. Basi jekete sindikavula, ngakhale kutenthe bwanji. Ndipo uno ndi Okutobala.

Za mutu ndafunsa Che Amidu, atelala a pamsika. "Valani chipewa, achimwene." Ndikuwakumbutsa kuti pamaso pa bwana chipewa amavula. Apalasa makina, aima, aganiza. "Ndiye mukawauze kuti ndinu mneneri."

Lachinayi

Ndagoneka tsitsi ndi vaselini. Pagalasi ndikuoneka kalaliki weniweni. Kufika kuchitsime latukuka lonse, mafuta akutsikira m'khosi. Mlamu wanga Nachisale waseka mpaka kutula ndowa: "Alamu, bwerani ndikulukeni ndi ulusi, akakulembeni unamwino!"

Dzuwa likupendeka, a Likoswe abwera okha. Ati chisoni chawagwira. Mawa m'mamawa mbumba yonse imeta, thobwa likwanira, ine ndikakwere sitima.

"Koma mudziwe, tikakumetani ndiye kuti takusudzulani. Mutenge khasu lanu ndi sutikesi, kaya kwanu ku Mposa, kaya ku Balaka kwanuko. Nyumba ndi ya mbumba."

Ndathokoza ndi manja awiri. Atapita ndikuyang'ana khoma limene Agnesi anazira yekha. Mizere ya zala zake ikuonekabe pafupi ndi chitseko. Zoti tebulo la ku Balaka lindichotsa pano, sindinaziganizireko.

Lachisanu

Lumo ndi limodzi! Ndipo wamasiye amameta pomalizira. Ayamba a Likoswe, kenako azakhali, alamu, adzukulu, ndi ena amene pamaliro sindinawaone. Ine pachitsa, jekete ndavala kale, thukuta latsika kale. Nkhalamba ina yadazi lokhalokha ikuti nayonso aidutsitse lumo, mwambo ndi mwambo.

Yakwana nthawi yanga. Lumo labuntha, likungozula. Nditsinzina. Ndili m'sitima, Agnesi wakhala chakuzenera, mpango wake ukupepeluka, milambe ikuthawira m'mbuyo, iye akundisendera nthochi...

Kuuuu!

Imeneyo ndi sitima yeniyeni.

Ndadzambatuka. Liwiro! Wometa akukuwa m'mbuyo: "Mbali inayi, akamwini!" Pa siteshoni ndapezapo utsi ndi amayi ogulitsa zitumbuwa. Andiyang'ana kumanzere. Azungulira. Andiyang'ana kumanja.

Loweruka

Njinga yobwereka, mpaka ku Balaka. Chipewa ndachikanikiza kufika m'makutu.

Mlonda wa pageti: "Zinatha dzulo zimenezo, bambo. Atenga wina wa ku Liwonde."

Ndapempha kuti ndingoiona ofesiyo. Wandilola kusuzumira. Ilibe zenera. Matumba okhaokha, ndi mphaka wogona pasikelo.

Pothokoza ndavula chipewa, mwachizolowezi. Sanaseke. Wayang'ana mbali iyi, wayang'ana inayo, kenako wavula chakenso. "Anali mayi a kunyumba?" Ndavomera ndi mutu womwewo. Wandipatsa madzi akumwa, taima pamthunzi.

Lamulungu

A Likoswe agamula. Munthu wothawa pa lumo sanametedwe. M'meto wa dzana wafafanizika, wina udzachitika tikakolola, ndi mowa wake. Mpaka pamenepo lumo lisandikhudze, ndipo ndikhalebe m'nyumba muno. Mbumba yonse yameta mipala pachabe. Sakundiyankha moni.

Kutchalitchi ndakhala kumapeto kwa benchi, mbali yometa ndaloza kukhoma. A kwaya asokonezabe nyimbo.

Ntchito palibe. Malaya oyera palibe. Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Machinga, munda ukudikira khasu.

Mbali imodzi ya mutu ikumva kamphepo, ndi ya munthu womasulidwa. Inayo idakali pa ukwati. Sindikufulumira kuti zifanane.