Tambala wa Chinkhoswe ndi Phala la M'tayala

Lolemba

Loweruka kuli chinkhoswe cha Limbani, mwana wa achemwali, kumudzi wa kuseri kwa mapiri uko kwa Kanduku. Nkhoswe ya kuchimuna ndine. Tambala wokapereka kuchikazi ali kwa ine. Woyera mbee, ngati wa kwaya ya amayi. Ndammangirira pa mtengo wa nachesi kuseri kwa nyumba.

Vuto langa ndi mbiri. Tsiku lokafunsira mbeta ndinafika anthu akutsuka mbale. Tsiku lokamva yankho ndinakumana ndi yankholo panjira likubwerera. Konseko mdani ndi mmodzi: minga ya mthethe yoboola matayala a njinga yanga.

Achemwali pa foni m'mawa uno: "Achimwene, mukachedwanso ulendo uno, unkhoswe ndipatsa Fanuelo."

Fanuelo! Mng'ono wanga amene akazi awiri anamuthawa, wachitatu amagona chikwama chili pamutu. Ameneyo azikalangiza ana za banja?

Koma sayansi yandimvera. Ku boma, kufupi ndi malire, ndagula kwa dalaivala wa thiraki botolo la phala lobiriwira, lija amathira m'matayala a njinga zamoto ndi galimoto za m'tchire. Umathira m'chubu kudzera pa valuvu. Munga ukalasa, phalalo limathamangira pabowo n'kutseka lokha, iwe osatsika n'komwe.

Dongosolo la sabata ino:
kuthira m'matayala onse awiri;
njinga ipume mpaka Loweruka;
osauza munthu aliyense;
kufika m'mawa, suti yosada, Fanuelo aone.

Ndathira. Manja abiriwira, khonde labiriwira, galu wanunkhiza n'kusamukira kwa aneba.

Akazi anga, mayi a Tadala: "Bwanji tambalayo atsogole ndi achemwali Lachisanu?"

Ayi. Tambala amanyamula ndi nkhoswe. Ndawafotokozera kuti pali mwambo, pali sayansi, ndipo mwamwayi anakwatiwa ndi munthu wodziwa zonse ziwiri. Ayankha kuti "Ehe." Ehe ija yopanda mchere.

Lachiwiri

Njinga ikuyenera kupuma. Koma chida chatsopano chimafuna kuyesedwa, zimenezi tinaphunzira chaka choyamba ku koleji. Ndakwera kupita kusukulu.

Chinsinsi chakhala chinsinsi mpaka nthawi ya tiyi. Ndangouza mphunzitsi wa masamu yekha, monong'ona. Wakana kukhulupirira. Munthu wa digiri angalole kutsutsidwa ndi wa masamu? Ndathyola munga pa mpanda, ndalasa tayala lakutsogolo, ndazunguza gudumu. Fiii. Kadontho kobiriwira. Zii.

M'manja! A hedi avula magalasi.

Kenako aliyense akufuna kulasa yekha, poti mwina ine ndinalasa mwaulemu. Alasa a Chichewa, alasa a Baibulo, mayi wophunzitsa mbiri yakale walasa kawiri ngati ali ndi chifukwa.

Pobwerera, pa siteji ya akabaza pa Thambani, nkhani yandipitirira kale. Andizinga. "Aphunzitsi, ndi imeneyi yosabookayo?" Ndikuti njinga ikupuma, anyamata. Pakamwa pakutero, mwendo watsika kale. Ayesa ndi munga, ndi phini, ndi waya wa sipoko. Wina: "Tiyeseko ndi msomali, bwana?" Ndalola. Latseka!

Ndabwerera kunyumba ndikupalasa ndi dzanja limodzi. Umu ndi mmene amamvera anduna akatsegula mlatho.

Dongosolo latsala ndi mfundo ziwiri, koma zotsalazo ndiye zikuluzikulu.

Lachitatu

"Odi kuno, aphunzitsi!" Kusanache bwino. A Zuze, aneba, mkulu wa mpingo. Chipewa m'manja, nkhope ya Lachisanu Loyera. "Mayi kunyumbaku mutu wawagwira. Tithamangire nawo kuchipatala."

Njinga yawo ndikuiona apo, yatsamira nkhokwe, matayala ali njo. Aona kumene ndikuyang'ana. "Yathuyi ndi ya anthu wamba. Yanuyi paja ndi yosabooka."

Kuno ungakanize mchere, ungakanize khasu, anthu adzakunena sabata imodzi n'kuiwala. Ukakaniza njinga pa matenda, adzakukumbutsa tsiku lodwala iwe, ali chiimire ndi njinga zawo. Ndapereka. Ndanena kuti aiyendetse pang'onopang'ono. "Ngati dzira, aphunzitsi."

Yabwera dzuwa litapendeka. Zimene ndaona:
kaliyala ili bii ndi makala;
pa handulo pali nthenga za nkhanga;
matayala ngati nungu.

Chipatala chathu chili pa Thambani pompa. Makala ali kwa Nthache. Sindikufunsa. Mutu wa mayi wachira, ndicho chachikulu.

A Zuze akuyamikira: "Tinadzera chidule cha kudambo chija. Osatsika!"

Chidule cha kudambo! Njira ya mbuzi imene aliyense wanzeru amasenza njinga paphewa ngati mwana wodwala. Lero, poti njinga siibooka, apalasa momwemo, pakati pa mithethe, akuimba nyimbo za chitsitsimutso.

Ndakhala pakhonde ndikuzula minga umodzi umodzi. Bowo lililonse likutulutsa kathovu n'kutseka. Ndikunyadira. Pansi pa kunyadako pali kanthu kena kakuti kutu kutu, koma ndikukanyalanyaza.

Tambala ali bwino. Akudya kuposa Tadala.

Lachinayi

Maliro kutsidya. Gogo wina, sindimamudziwa. Uthenga uyenera kufika kwa abale amene amakhala kumene foni imagwira ukakwera chulu. Anthu okhala ndi njinga m'dera lino ndi ambiri. Amene asankhidwa ndine.

Njinga ya uthenga wa maliro siikanizidwa. Siifunsidwanso kuti ibwera liti.

Ndikupita kusukulu wapansi, mabuku m'khwapa. Kumbuyo belu: ngiri ngiri! Belu lodziwika. "Tapatukani, aphunzitsi!" Ndapatuka, ndalowa m'tchire, njinga yanga yandidutsa ndi anthu awiri ndi mtolo wa masamba. Onse ndi achilendo. Andipatsa moni mwaulemu.

Malo amene yaoneka lero, malinga ndi ana a Fomu 2:
kuchigayo;
kumanda, itanyamula makasu;
pa bawo, ikudikira;
kudambo kuja, kangapo, poti tsopano ndiye msewu waukulu.

Ndaphunzitsa za kayendedwe ka madzi m'zomera maso ali pa zenera.

Yabwera madzulo ndi a Zuze, amene sindiwo anaibwereka. Madigadi yakumbuyo, yotchinga matope ija, palibe. "Imachita phokoso pamaliro, ndiye taichotsa kuti isakuchititseni manyazi." Ili kuti? "Yasungidwa bwino." Kuti? "Kwa anthu okhulupirika."

Ndafinya tayala lakumbuyo. Lofewa ngati papaya wakupsa.

Mayi a Tadala, akusenda mtedza, osandiyang'ana: "Kale njinga ija inali yobooka, koma inali yathu."

Sindiyankha zonena zopanda umboni.

Lachisanu

Njinga ndailowetsa kuchipinda, kuseri kwa bedi. Ndapempha mayi a Tadala kuti wobwera aliyense amuuze kuti yawonongeka. "Bodza ine ayi," akutero. Apita kukaiyang'ana. Abwerako: "Chabwino, ndiwauza. Si bodza."

Lakumbuyo laphweratu.

Pampu ikukana. Valuvu yatsekeka ndi phala louma. Phala lagwira ntchito yake mokhulupirika: laona bowo, latseka. Kuti bowo limenelo ndi lolowera mpweya, silinauzidwe. Ndatokosa ndi waya mpaka latseguka.

Ndatulutsa chubu kuti ndimate chigamba monga ankachitira makolo. Chubu chikuterera ngati mlamba. Ndapukuta, ndapala, ndapaka sulushoni, ndauzira, ndamata. Chigamba chatsetsereka n'kumatirira pa chala changa. Chachiwiri chili pa bondo. Chubu chilibe ngakhale chimodzi.

Ndiye ndakhala pansi n'kuganiza monga munthu wophunzira. Phala lochepa limatseka mabowo ochepa. Choncho phala lambiri litseka mabowo ambiri. Ndakhuthulira botolo lonse lotsala m'tayala lakumbuyo, ndatsukuluzamo ndi timadzi kuti pasatayike kanthu. Ndapopa mpaka thukuta. Lalimba gwa! Ukaligwedeza likumveka khuchu khuchu ngati chipanda cha thobwa.

Masana pikapu yaima pamsewu. Achemwali akutsogola kukakonza za mawa. "Achimwene, tipatseni tambalayo tizipita naye."

Ndayankha ndi mawu amene ndikanakonda akanalembedwa penapake. Za udindo wa malume. Za mtundu umene ukutaya miyambo yake pa pikapu. Achemwali angoti, "Dzuwa lisakafike pamutu."

Kumbuyo kwa pikapu, pamwamba pa matumba, pali Fanuelo. Wavala jekete. Akukweza dzanja: "Akulu, muyende bwino mawa!" Jekete ya chiyani Lachisanu?

Suti yanga yotuwa yasitidwa. Nsapato zapolishidwa. Tambala ndamuuza kuti agone msanga.

Loweruka

Ndikulemba nditakhala pa mtondo. Mpando andikaniza, ndifotokoza.

Kunyamuka m'bandakucha. Tambala pa kaliyala, miyendo yomanga, mutu uli m'mwamba ngati mkwati ndi iyeyo. Chitunda choyamba, bwino. Chachiwiri, bwino. Minga ikulasa, phala likutseka. Ndikudutsa anthu okankha njinga zawo, ndikuwapatsa moni wachifundo. Mumtima ndikukonza mawu okauza Fanuelo.

Potsetsereka kupita kukhwawa, mwala wakuthwa. Kha! Kenako kumbuyo: tsi, tsi, tsi, tsi.

Munthu wamba akanatsika. Ine ndikudziwa lamulo la phalali: gudumu lizizungulira kuti phala lifike pabowo. Ndiye ndapalasa mwamphamvu. Tsi tsi tsi tsi! Kumsana ndikumva kuzizira, ndikuti kamphepo ka m'mapiri. Tambala akukuwa, ndikuti chisangalalo. Ndawonjezera liwiro.

Mpaka limu lagunda pansi.

Ndatsika. Si bowo, ndi pakamwa. Tayala lang'ambika m'mbali, ndipo botolo lonse la dzulo, popanda madigadi yolitchinga, lapita kumwamba. Tambala wabiriwira kuyambira kumchira mpaka kukhosi. Diso limodzi lokha likundiyang'ana.

Khwawa ndi louma. Ndampukuta ndi udzu, ndangofalitsa kumene kunali koyera. Ndayesa ndi mchenga. Tsopano ndi wobiriwira wa mchenga.

Kabaza palibe, onse ali kumsika. Kukankha. Zitunda zomwe zija ndimazinyoza, zandibwezera.

Ndafika dzuwa litadutsa pamutu. Anthu ali pansi pa mtengo wa mango, nyimbo zinatha kale, amayi akuyasamula. Limbani mutu uli pansi. Mtsikana wake maso ofiira. Achemwali sakundiyang'ana, kumene kuli koopsa kuposa kundiyang'ana.

Komabe ndafika, ndipo unkhoswe ukadali wanga. Ndagwada, ndawomba m'manja, ndapereka tambala ndi manja awiri.

Zii.

Malume a mtsikana manja abweza kumbuyo. "Pepani akuchimuna. Tambalayu mwadutsa naye kwa ndani?"

Mayi wina wakokera ana ake kumbuyo. Wina walavula.

Apa pamafunika kungoti pepani, ndagwa m'matope. Ine ndaimirira n'kuyamba kuphunzitsa. Za botolo la kumalire. Za mmene ndinathirira Lolemba ndili ndekha osauza munthu. Za mmene chitsulo chimalowera koma osavulaza. Ndikamafotokoza, bwalo likukulirakulira, ine pakati.

"Ndiye mukuvomera kuti pali zimene munathira?"

Ndavomera. Mwa sayansi, ndi zoona.

"Mwana wathu sangalowe m'banja ndi nkhuku yokonzedwa." Ayamba kupinda mkeka. Mtsikana walira mokweza. Limbani wandiyang'ana kamodzi kokha.

Achemwali anong'oneza Fanuelo. Fanuelo wazemba kuseri kwa nyumba. Phokoso, fumbi, agalu. Wabwera ndi tambala wofiira, wobwereka kwa aneba a kuchikazi komweko. Wagwada bwino, jekete ili pamalo pake. Mawu ake onse: "Pepani makolo, akuluwa atopa ndi dzuwa."

Akuchikazi amuzunguza tambalayo, amuyang'ana kunsi kwa mapiko, amulandira. Tambala amene wakhala akuwadzutsa m'mawa uliwonse chaka chonse! Nthungululu. Msoti wa kuchikazi aulandira ndi Fanuelo. Malangizo a banja apereka ndi Fanuelo. Akuti banja ndi kupirira. Anthu awomba m'manja.

Ine andipatsa mtondo kumapeto, pafupi ndi mbuzi. Mwini nyumba: "Musatsamire khoma, aphunzitsi, tangopaka laimu."

Mpamene ndadziwa za mzere wobiriwira kumsana kwa suti.

Lamulungu

Ndabwera pa pikapu, ine, njinga ndi tambala. Anthu anatisiyira malo ambiri.

Kutchalitchi sindinapite. Ndamva kuti andipempherera osatchula dzina, koma anatchula njinga.

Tambala tamusambitsa ndi sopo, madzi ofunda. Wasanduka wobiriwira mopepuka. Mayi a Tadala akuti mu mphika wawo salowa. A Zuze, amene sakana nyama ngakhale pa maliro a mdani, akuti m'mimba simuli bwino. Misoti ikumuthawa. Akuyenda yekha pabwalo, akuima, akuganiza. Tikumvana.

Suti ili pa chingwe. Mzere uja sukuchoka, kuyambira pa kolala mpaka pansi, wowongoka bwino ngati wojambula ndi rula.

Achemwali sanaimbe. Fanuelo waimba, kufunsa ngati ndili ndi tayi yoti abwereke pa ukwati. Ndati ndiona.

Masana meseji ya Limbani: "Amalume, zikomo poyesetsa. Ukwati ndi mwezi wa mawa. Mudzangobwera. Musadzanyamule chilichonse."

Ndawerenga kangapo, kufunafuna mwano. Mulibe. Mwanayu analeredwa bwino.

Ndayankha kuti chabwino.