Marozi Asanu ndi Nsagwada ya Ng'ombe

Ndikanadziwa kuti maluwa angachititse anthu kundizinga ndi makasu, ndikanangodzala bonongwe ngati anzanga. Nkhaniyi ndakhala ndikuibisa. Ana anga amadziwa zoti ku Zingwangwa tinasamukako chifukwa cha vuto la madzi. Si madzi ayi.

Zinachitika zaka zija matipate atangoyamba kumene, nyuzipepala zikumera ngati bowa. Ine ndinali kalaliki pa kampani ina yosindikiza mabuku, ndipo ine ndi mkazi wanga, mayi a Tamanda, tinkachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya a Mulipa. A Mulipawo anali bambo wachikulire wa ku Phalombe, wopuma pa ntchito ya njanji, wodwala BP komanso wosaseka wamba. Akazi awo ndiwo anali ofatsa. Tamanda wathu anakulira kumsana kwawo.

Tsiku lina a Mulipa anandiimitsa pampopi.

"Bambo a Tamanda, mnyamata wanga wamkulu akukwatira Disembala. Nyumbayo ndiifuna. Muyambe kuyang'ana kwina."

Ine pofuna kuti nkhani ipepuke ndinaseka n'kunena kuti, "Aa, bambo, Disembala ndi kutali. Tiona ngati mudzafikeko."

Ndinkatanthauza kuti mwina adzasintha maganizo. (Mayi anga ankati ine lilime limatsogola, nzeru zimabwera pambuyo pa njinga yakuphwa.) A Mulipa anangondiyang'ana n'kulowa m'nyumba. Kuseri kwa mpanda a Nambewe, mayi wogulitsa makala, anasiya kuyeza makala awo n'kundiyang'ananso.

Nyumba zinali zosowa, ndipo iyi inali ndi magetsi. Ndinaganiza zofewetsa mtima wa mkuluyo. Kuntchito ndinaona m'nyuzipepala ina kuti kuli nazale ya maluwa cha ku Thyolo imene imatumiza mbande za marozi kwa aliyense wolemba kalata. Ndinati basi, njira ndi imeneyi. Ndikongoletse pakhomo popanda kuwauza, tsiku lina adzangodzuka n'kuona marozi ngati a kwa olemera ku Sunnyside pawindo pawo. Ndani angathamangitse munthu wotero? Ndinalemba kalata, n'kuitanitsa asanu.

Patatha milungu itatu katundu anafika pa basi. Nditamasula kunyumba, ndinapeza timitengo tisanu taminga, topanda tsamba ngakhale limodzi, mizu yake atakulunga m'chiguduli chonyowa. Kumutu kwa kamtengo kalikonse kunali kofiira ngati akaviika m'magazi.

"Maluwa aja ndi amenewa?" anafunsa mayi a Tamanda.

"Akugona," ndinayankha, chifukwa kapepala ka Chingerezi kamene kanali m'katunduyo kanatero.

"Akagone panja. M'nyumba mwanga muno ayi."

Kapepalako kanati ndikumbe maenje akuya pamalo pofika dzuwa la m'mawa, ndipo pansi pa dzenje lililonse ndithire chinthu chotchedwa bone meal. Ndinafunsa mnzanga wa kuntchito, iye anati ndi ufa wa mafupa. Ndinayenda m'masitolo atatu ku Limbe, onse anandiyang'ana ngati ndapenga. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo n'kuthira manyowa a nkhuku. Ine ndinapita ku butchala ya pamsika n'kupempha mafupa a ng'ombe. Anandipatsa jumbo yodzaza, pamwamba pake pali nsagwada yathunthu, mano ali mbee.

Mafupawo ndinawawotcha kudzala. Nditapempha mtondo, mayi a Tamanda anandifunsa ngati ndikufuna ukwati kapena mtondo, choncho ndinasinjira pamwala ndi hamala. Ena anaphwanyika, ena anakana. Nsagwada ija inangoda, koma kusweka ayi.

Loweruka masana kunali msonkhano wa chipani kubwalo la mpira, ndipo pafupifupi dera lonse linapita kukaona magule. Ndinati mpata ndi uno. Malo ofika dzuwa la m'mawa pa ploti yonseyo anali amodzi okha: pansi pa windo la kuchipinda kwa a Mulipa. Iwo anali gone m'katimo, mutu ukuwapweteka, choncho ndinakumba mwakachetechete kuti ndisawadzutse. Maenje asanu. M'lililonse ndinawaza phulusa la mafupa, zidutswa zokana zija ndinaponyamonso, nsagwada n'kuiika m'dzenje lapakati. (Ndinkati duwa limenelo lidzakhala lonenepa kuposa anzake.) Kenako ndinagwada n'kumawerenga kapepala kaja chapansipansi kuti ndisalakwitse, kwinaku ndikutchula maina a marozi, maina ovuta achizungu amene mpaka lero sindidziwa katchulidwe kake.

A Nambewe sanapite kumsonkhano. Zimenezi ndinazidziwa mochedwa.

Lachitatu m'mawa a Mulipa anagwa kubafa, mbali imodzi itauma, kukamwa kutapotoka. Ndine ndinathamanga kukafuna galimoto, ndinenso ndinawanyamula miyendo. Lachisanu anamwalira kuchipatala.

Ndinalira ndithu. Mkuluyo anali wovuta, koma Tamanda atadwala malungo ndi iye anatiperekeza kuchipatala wapansi. Za maluwa zija ndinaiwaliratu.

Loweruka thupi linafika pakhomo, kuti Lamulungu lipite ku Phalombe. Azimayi ankaimba m'nyumba, ife azibambo tili pamabenchi panja. Cha m'ma 3 koloko, galu wa a Mulipa, dzina lake Taiga, anatulukira kuseri kwa nyumba mphuno ili dothi lokhalokha, atanyamula chinthu kukamwa. Anadutsa pakati pathu mosathamanga, n'kukagona pafupi ndi mapazi a abusa, n'kuyamba kukukuta.

Inali nsagwada ija, yakuda bii, mano akuseka.

Mng'ono wa malemu, a Benesi, amene anabwera kuchokera kumudzi, anaimirira n'kutsata dothi lija. Azibambo ena anawatsatira. Ine ndinatsala pabenchi. Ndinamva wina akuti, "Bweretsani khasu." Nyimbo m'nyumba muja inayamba kuchepa mphamvu, kenako inazima.

Atabwerera anayala zonse pachiguduli pakati pa bwalo: timitengo taminga tamitu yofiira, phulusa, zidutswa za mafupa.

"Maenje asanu," anatero mwana wa malemu, uja wa ukwati. "Ife m'nyumba muno tinalipo asanu."

"Wachita izi ndani?" anafunsa a Benesi.

A Nambewe sanadikire kufunsidwa kawiri. Anamanga chitenje n'kulowa pakati.

"Ine ndinaona ndi maso angawa. Anthu onse ali kumsonkhano, bambo awa anagwada pawindo paja, akuwaza phulusa, akulankhula chilankhulo chosamveka. Ndipo pampopi paja anawauza malemu kuti Disembala sadzafika. Ndikunama, bambo a Tamanda?"

Choipa n'chakuti sananame ngakhale liwu limodzi.

"Ndi maluwa," ndinatero. Mawu anatuluka ngati a mwanapiye. "Marozi. Enawo ndi bone meal."

"Ndi chiyani?"

"Bone meal."

"Mwamva? Wayambanso chilankhulo chake chija!" anakuwa a Nambewe.

Ndinati pali kapepala kofotokoza zonse, ndipo ndinaitana mayi a Tamanda kuti akatenge. Anatuluka m'gulu la azimayi, nkhope itagwa, n'kunong'ona kuti kapepalako anayatsira mbaula Lolemba. A Benesi anawafunsa ngati ankadziwa za zinthuzi.

"Ine ndinawauza kuti asalowe nazo m'nyumba mwanga," anayankha mkazi wanga, akulira. (Amati ankafuna kunditeteza. Nkhani imeneyi sitinaimalize mpaka pano.)

Khofi loyamba sindinaone kumene linachokera. Khofi lachiwiri linali la mwana wa malemu. Anandikoka kolala, malaya n'kung'ambika, ndipo kumbuyo ndinamva mawu a mnyamata wina akufunsa ngati pali amene ali ndi palafini. Masiku amenewo mawu otere sanali nthabwala. Tonse tinali titamvapo zimene zinkachitikira akuba akagwidwa kumsika. Abusa ankakuwa kuti anthu aleke, koma ndani ankamva? Ndinaona Tamanda ali m'manja mwa mayi wina, akundiyang'ana. Zimene zinachitikira buluku langa pa nthawi imeneyo sindilemba.

Amene anandipulumutsa ndi a Chikopa, mkulu wa mpingo wokalamba amene anagwira ntchito ya m'maluwa kwa azungu moyo wake wonse. Anadutsa pakati pa anthu ndi ndodo yawo, n'kutola kamtengo kamodzi. Anakakanda ndi chikhadabo, n'kuonetsa anthu kuti m'kati n'kobiriwira. Kofiira kuja anakumatula n'kukufinya pakati pa zala.

"Ili ndi phula, ngati la kandulo. Amapaka kuti mtengo usaume panjira. Awa ndi marozi, abale anga. Ndadzala ambirimbiri."

"Nanga mafupawa?" anafunsa a Benesi.

"Ufa wa mafupa amathiradi, ndimathira nanenso." Anaima kaye, n'kuyang'ana Taiga, amene anali akadali pa ntchito yake. "Koma nsagwada yathunthu, ayi. Imeneyo ndaionera pano."

Anthu ena anaseka mwangozi n'kudzigwira pakamwa. Dzanja limene linali pakolala panga linamasuka pang'ono. A Chikopa anandiyang'ana n'kupukusa mutu. "Mwanawe, si mfiti iwe. Ndiwe chitsiru chabe." Sindinamvepo mawu okoma ngati amenewo.

Kenako mayi Mulipa anatuluka, atafunda chitenje kumutu, azimayi awiri atawagwira m'mbali. Anthu anawapatsa njira. Mayiwo anayang'ana zinthu zija pachiguduli nthawi yaitali.

"Bambo a Tamanda, munkafuna chiyani?"

"Ndinkafuna bambo asangalale, mayi. Kuti mwina asatichotse."

"Nanga osatiuza bwanji? Pakhomo pathu pomwe, pawindo pathu?"

Ndinangoyamba kukonzakonza malaya anga ong'ambika aja.

"Amuna anga akhala akudwala zaka zambiri, ndikudziwa," anatero mayiwo. "Za a Chikopa ndamva, ndipo ndikukhulupirira. Koma ndikamakuonani m'mawa uliwonse pampopi paja, mtima wanga uzifunsa. Sindikufuna kudana nanu. Tikamabwera kuchokera ku Phalombe ndisadzakupezeni."

Sanakweze mawu. Bola makofi aja.

Timitengo tija anatiwotcha pamodzi ndi mafupa, abusa atapemphera. Kumaliro ku Phalombe sitinapite. A Benesi anati galimoto yadzaza, ngakhale ndinaona malo. Lachiwiri tinakweza katundu pa kalole kobwereka n'kupita ku Chilobwe, m'kanyumba kopanda magetsi, kokwera phiri. A Nambewe anaima pampanda mpaka tinakhota. Tamanda analira njira yonse kufuna agogo ake a Mulipa, ndipo mayi ake sanandilankhule sabata ziwiri.

Mvula itagwa n'kutha, a Chikopa anatipeza ku Chilobwe Lamulungu lina masana, atatopa ndi chitunda. M'thumba la jekete anatulutsa duwa limodzi lofiira, lalikulu ngati chibakera cha mwana, lonunkhira mpaka pakhomo. Anati kamtengo kamene anakanda tsiku lija anakalowetsa m'jekete anthu ali mkati mokangana, n'kukakadzala kwawo.

"Mbeu yabwino kwambiri," anatero. "Munasankha bwino. Ndangothira manyowa a nkhuku basi."

Ndinalitenga n'kutembenuka kuti ndikaliike m'kapu ya madzi. Mayi a Tamanda anali ataima pakhomo, manja m'chiuno. Duwalo ndinawabwezera a Chikopa, iwo n'kulibwezera m'thumba.

Mkazi wanga amati phunziro la nkhaniyi n'lakuti ukafuna kuchitira munthu zabwino pakhomo pake, uyambe wamuuza. Ndimavomera, ndipo mayi Mulipa ndimawaganizira kawirikawiri; sindinapezenso nkhope yokawapepesera mpaka anamwalira. Koma ndiulule, popeza ndaulula kale zambiri. Nthawi zina ndikakhala ndekha m'minibasi ndimadzipeza ndikuwerengera kuti dzenje lapakati lija ndikanangolikumba kuya pang'ono, Taiga sakanafikapo.