Ndolo za Mkwatibwi Pambaula

Mpaka lero ndikamva fungo la pulasitiki wopsa, makutu anga amayamba kuyabwa. Zonsezi zinayamba ndi ukwati wa mlamu wanga Chisomo.

Ku Kafue Estates kuno tili ndi kagulu ka azimayi oumba ndolo ndi mikanda. Dongo lake ndi lija lapulasitiki la m'mapaketi, lamitundumitundu, lofewa ngati chingamu, limene limauma ukaliika mu uvuni. Mtsogoleri wathu ndi a Mutinta, mayi waluso koma wosaseka pa ntchito. Ine ndinali wachilendo, ndipo chimene anandilandirira (ndinazindikira mochedwa) si manja anga ayi, koma uvuni wanga wamagetsi.

Ukwati utayandikira, ndinadzitama kwa apongozi kuti za ndolo asiyire ine. Anzanga anatopa nazo kuumba timaluwa toyera ta mkwatibwi ndi tapinki ta operekeza. Tsiku loti mawa ukwati, a Mutinta anandipatsira thireyi ya timaluwa tija ngati akundipatsa khanda.

"Muike moto ung'ono chabe, mwamvela? Iyi si dothi ya kumunda."

Ndinavomera ndi mutu. Nditangofika kunyumba, magetsi anathima.

Apa m'pamene nzeru zinandichulukira. Ine ndinakulira ku Chanyanya, kumene mbiya imaotchedwa pa moto wolilima mpaka kufiira. Ndiye ndi dongo lanji loopa moto? Komanso keke ndimaphika bwinobwino pambaula: mchenga pansi m'poto, makala pamwamba pa chivundikiro. Ndinachita chimodzimodzi, n'kuwonjezera makala pang'ono (pang'ono kwa ine), kenako n'kupita kukachapa.

Anandidzidzimutsa ndi aneba, atatseka mphuno ndi chitenje, poganiza kuti wina akuwotcha tayala masanasana.

"Imwe, nindani ashoka tayala muzuba muno?"

Nditavundukula, sindinamvetse chimene ndinkaona. Timaluwa tija tinali titatupa, titada bii, tina titagwirana ngati ndowe za mbuzi. Ndinatithira madzi. Ndinatipala ndi mpeni. Ndinayesanso polishi woyera wa nsapato (musandifunse). Kenako ndinaimbira foni a Mutinta n'kuwaululira zonse.

"Pambaula? Munaona monga ni chimanga?"

Dongo loyera linali litatha, ndipo kogula kwake ndi ku Lusaka.

Ndinapita kwa Chisomo ndi poto wanga, misozi ili m'maso. Mwana wa eni ake akalowa m'tchalitchi makutu ali mbee chifukwa cha matama anga! Iye anasuzumira m'potomo, n'kusankha zibulumwa ziwiri zikuluzikulu.

"Palibe vuto, mulamu, ine nizabweleka kwa munzanga. Koma izi muzavala ndimwe, kutsogolo, pafupi na amai."

A Mutinta anaziboola okha n'kuika timawaya tokolekera. Aka kanali koyamba kuwaona akuseka.

Ndinavala ndithu. Ulaliki wonse, mayi wina wamapemphero sanachotse maso pa makutu anga. Potuluka anandigwira mkono n'kunong'ona.

"Mwana wanga, uyo ng'anga anakupasani ivi, mumusiye. Mulungu akwanitsa."

Ndisanatsegule pakamwa, dzanja lake linali kale pamutu panga, anzake atandizungulira, akudzudzula mizimu yonse yondivutitsa. Apongozi anaima poteropo, osandipulumutsa. Nanga ndikanatani? Ndinangoyankha ameni.

M'gulumo ndikadalimo, kungoti masiku ano thireyi amabwera nayo okha a Mutinta, n'kukhala pampando pafupi ndi uvuni mpaka zonse zitapsa. Ine ntchito yanga ndi kufulula tiyi. Komabe mumtima ndimati ndikanangochotsako makala awiri, zikanatheka.