Kavalo Ndinamupha Uja Ali Moyo

Lolemba

Zanga zada. A Namakhwa, atsibweni ake a Esitere bwenzi langa, alengeza dzulo pansi pa mtengo wa mango kuti Loweruka lino khomo lonse likupita ku bayisikopo ku Limbe kukaonera gawo lomaliza la Kachipewa. Lole ya Che Jafali apangana nayo kale. Amayi akululutira, ine ndikuseka nawo mwachiphamaso.

Filimu ya makaboyi imeneyi amaionetsa chiduswachiduswa, gawo limodzi Loweruka lililonse masana, magawo khumi ndi awiri. Pa Chitawira pano maso a anthu ndine. Ndimakaonera, ndiye Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndimakhala pampando pakhomo pa a Namakhwa n'kufotokoza zonse, mfuti ndi pakamwa, kavalo ndi manja pantchafu. Esitere anandidziwira pamenepo. Munthu wosita malaya a eni ake kwa Mmwenye, akanandicheukira ndani popanda Kachipewa?

Koma ine ndinalekera gawo lachisanu. Bwana anayamba kulandira nsalu za ku hotela, Loweruka masana onse simbi ili m'manja. Lamulungu loyamba lija ndinapita kuti ndikanene zoona, Mulungu ndi mboni. Ndinapeza Esitere wayala kale mphasa kutsogolo kwenikweni, chibwano m'manja. Pakamwa panangoyamba pokha.

Milandu yanga:
1. Ndinapha Chimphepo, kavalo wa Kachipewa. Anamira pamtsinje populumutsa mbuye wake. Mayi ake a Esitere analira mpaka kuminira m'nsalu.
2. Mandevu, chigawenga chija, ndinamudula mwendo. Sitima inamuponda.
3. Ndinakwatitsa Kachipewa kwa Marita, mwana wa mwini sitolo. Marita ndinamuumba ndekha. Sitoloyonso.

Tsono Lamulungu likubwerali ankhoswe anga akukakumana ndi a Namakhwa pa nkhani ya ine ndi Esitere. Mkuluyu ndi mkulu wa mpingo, ndipo amadana ndi zinthu ziwiri padziko lapansi, boma la Chitaganya ndi bodza.

Pulani: ndifufuze zoona zake, kenako ndikhotetse nkhani yanga pang'onopang'ono mpaka ikumane ndi ya pachinsalu. Masiku alipo asanu. Kachipewa anatuluka m'ndende ndi supuni yokha, ine ndingalephere izi?

Lachiwiri

Nthawi ya nkhomaliro, liwiro ku bayisikopo. Mkulu wapakhomo wakhala pamenepo zaka zinayi, ndiye kuti filimu iliyonse ili m'mutu mwake.

"Ine ndimayang'ana khomo, mwanawe. Filimu imakhala kumsana kwanga."

Zaka zinayi! Kachipewa akumenya anthu asanu ndi dzanja limodzi, munthu ali pheee kuyang'ana chitseko! Ndamufunsa ngati wamvako kulira kwa kavalo masabata ano. Akuti kuwombera kokha ndiko amamva, ndipo sabata yatha kunachulukirapo.

Ndaima pa chithunzi chachikulu chapakhoma. Kachipewa ali chilili, chipewa chopendekera kumanzere, tsaya lopanda ndi kachipsera komwe. Munthu ameneyu amagona pathanthwe, kumenyedwa ndi mpando, koma malaya ake osakwinyika. Monga wodziwa ntchito ndikunena, kuli wina amamusitira, ndipo ndi katswiri.

Kavalo pachithunzipo alipo. Palibe kanthu, chithunzi n'chakale. Mandevu amujambula kulekeza m'chiuno. Ambuye adalitsike.

Ndivomere pano poti palibe akuwerenga: Mandevu ndimamukonda kuposa mmene mkhristu ayenera kukondera chigawenga. Chaka chatha anamunyonga m'filimu ina, tonse tikuona, miyendo ili lendelende. Chaka chino wabweranso, ndevu zomwezo, diso lomwelo. Palibe munthu amagwa pakavalo ngati iyeyu. Amagwa ndi mtima wonse. Ndinamulakwira pomudula mwendo.

Masana ndapsereza kolala ya mzungu wina poganiza zimenezi. Ndaipindira m'kati.

Lachitatu

Che Jafali! Munthu woopsa!

Ndawapeza pamsika wa Limbe akutsitsa matumba a chimanga. Ndimati ndiwafunse mozungulira ngati akudziwa wina amene amaonera Kachipewa. Aseka mpaka kofia kugwa pansi. Kani iwo lole amaiimika kuseri kwa bayisikopo Loweruka lililonse. Magawo onse khumi ndi limodzi awaona. Ndipo Lamulungu lililonse amakhala kumbuyo kwa gulu pansi pa mango paja, kutafuna mtedza, kugwedeza mutu, osanena kanthu!

"Yanu ija ndiye yokoma, achimwene. Ya ukoyi amangothamangitsana basi."

Zoona zake, malinga ndi Che Jafali:
Chimphepo ali moyo, wanenepa.
Mandevu miyendo iwiri, m'gawo lachisanu ndi chinayi anathyola nayo chitseko.
Mkazi m'filimu yonse ndi mmodzi, nkhalamba ina imene inadutsa ndi ndowa.
Kachipewa pakali pano wamangidwa pangolo yodzaza onga, ikutsetsereka kulowera kuphompho, chiyambire Loweruka.

Ndawapempha, manja pamodzi, kuti lole ifeko tsiku limodzi lokha. Si imafa mwezi uliwonse pa chitunda cha Nyambadwe?

"Walahi, ndapangana ndi munthu wamkulu. Komanso nkhope zawo ndikufuna ndizione."

Alonjeza chimodzi chokha, kuti sanena kanthu. Zimenezo amazitha, ndaona.

Lachinayi

Nditaweruka, dzuwa lisanalowe, ndaitanitsa msonkhano wapadera pansi pa mango. Mutu wake: zimene ndinaiwala kunena. Anthu adzaza, ena asiya ndiwo pamoto.

Ndayamba ndi kavalo. Ndati tikaganiza bwino, mtembo wa Chimphepo palibe anauona, ndipo akavalo a ku Amereka amadziwa kusambira pansi pa madzi.

Mayi ake a Esitere: "Nanga simunati anamuika pansi pa mtengo, Kachipewa n'kuvula chipewa koyamba m'moyo wake?"

Ndinatero. Ndinaimbanso ndi nyimbo yamaliro, mavesi awiri.

Mwendo wa Mandevu wayenda bwino. Ndati azungu ali ndi miyendo yamtengo yoti ukavala buluku sungaizindikire. A Namakhwa avomereza, akuti anauonapo wotero kwa msilikali wina wobwera ku nkhondo. Chigoli chimodzi!

Ndiye Marita. Ndati mwina m'gawo lomaliza saoneka, akhoza kukhala atapita kwawo kukaona makolo. Amayi andiukira ngati ndaponda mwana.

"Ulendo ndi mimba imene ija?"

Mimba! Ndinaiwala kuti ndinamupatsanso mimba. Mlandu wachinayi.

Pobalalika a Namakhwa andiitanira pakhonde, tiyi wamkaka, kapu ya alendo. Akuuza mnzawo wina wa ku Manja, dzanja lili paphewa langa: "Anyamata a m'tauni ndi akamberembere, koma uyu chimene waona ndi chimene amanena."

Mkulu ameneyu amandikonda, ndipo zikundiwawa kuposa akanandida.

Lachisanu

Kwa bwana ndapempha Loweruka masana. Dzino. Ndaika thonje m'tsaya kuyambira m'mawa, ndikuyankhula ngati ndameza mbatata yamoto. Andiloleza. Mlandu wachisanu, koma uwu ndi wapantchito, suwerengedwa.

Pulani yatsopano: kuulula kwa Esitere. Iye yekha. Akandimvetsa, awanyengerere atsibweni ake, kapena adwale mutu mawa, ulendo uthe.

Ndamudikira panjira ya kumpopi. Mawu ndawakonza tsiku lonse pamwamba pa nsalu za hotela. Wafika akumwetulira, watula ndowa, watulutsa kanthu m'thumba la diresi. Kachidutswa ka nsalu yoyera.

Wadulitsa kale. Telala wapakhonde ku Limbe akumusokera diresi laukwati, ndipo ndi lofanana ndi limene Marita anavala pokwatiwa ndi Kachipewa. Manja otukumuka, lamba wopyapyala, mabatani asanu ndi atatu kumsana. Zonse monga ndinanenera ine, munthu amene sindinasokepo ndi thumba lomwe.

"Chatsala ndi khosi lokha. Mawa mundikhazike kutsogolo ndilione bwino."

Maso ake mmene amawalira. Ndatsegula pakamwa, ndipo chimene chatuluka ndi "chabwino".

Wamantha! Galu! Kachipewa akanandiona akanandilavulira.

Zimene ndikupempherera:
mvula yamatalala (mwezi uno sikugwa ndi dontho)
makina a filimu afe (amafa sabata iliyonse, bwanji mawa?)
a Namakhwa aiwale mandala awo
dzino lenileni, loti andigoneke nalo kuchipatala

Loweruka

Ndilemba zonse mmene zachitikira.

Lole yafika nthawi yake, yotsukidwa. Anthu tadzaza, a Namakhwa kutsogolo ndi jekete la ku tchalitchi, ndodo, mandala ali pamphuno. Mayi ake a Esitere anyamula dengu la mbatata yophika. Njira yonse nyimbo.

Mabenchi athu akutsogolo, azungu m'mwamba mwawo monga mwa masiku onse. Esitere pambali panga, kansalu kaja m'manja. Poyamba aonetsa mabwana a Chitaganya akudula riboni kwinakwake, holo yonse ikukuwiza, a Namakhwa akumenya ndodo pansi mokondwa. Akuti bayisikopo ndi chinthu chabwino.

Kenako uyo! Kachipewa pangolo, zingwe m'manja, phompho likuyandikira! Wadula chingwe ndi mano, wadumpha, ngolo phuuu! Masabata asanu ndi limodzi osamuona. Ndinene zoona, ndaiwala mavuto anga onse, ndaimirira n'kukuwa nawo.

Ndiye Kachipewa waika zala pakamwa, waimba likhweru.

Chimphepo uyo, akutsika phiri, wonenepa ngati ng'ombe ya ku Thyolo.

"Mayo ine! Mzukwa!" Amenewo ndi mayi ake a Esitere, dengu lagwa.

Mandevu watulukira akuthamanga. Wadumpha mpanda. Wakwera padenga, wadumphanso. A Namakhwa andiweramira: "Mwendo wamtengo umenewo?" Ndati azungu ndi anzeru.

Chitseko chilichonse chikatseguka pachinsalu, Esitere akusolola khosi. Akutuluka ndi amuna okhaokha, andevu.

Apa a Namakhwa aimirira. Ndimati akubwera kwa ine. Ayi, alunjika kumbuyo, ndodo m'mwamba, akukalipira kabowo kotulukira kuwala kwa filimu. Akuti atiikira filimu yolakwika. Akuti yeniyeni, ya Marita, amaonetsa azungu okha, ife anthu akuda n'kutipatsa makoko. Ndipo holo yonse yavomera! Anthu oti Marita sanamumvepo akukuwa, "Tikufuna Marita! Tikufuna Marita!" Mbatata zikuuluka. Magetsi ayaka, filimu yaima, Mandevu ali m'malere.

Apolisi awiri alowa. Agwira a Namakhwa mkono uku ndi uku, jekete la ku tchalitchi lakwinyika mpaka m'khosi, mandala agwa. Masiku ano munthu woyambitsa phokoso pa azungu sabwerako msanga, tonse tikudziwa. Koma mkuluyo osaopa, akuloza ine ndi chibwano.

"Mkamwini wanga uyo waona magawo onse! Mufunseni! Sanama ameneyo!"

Mkamwini wanga. Koyamba kunditchula choncho, pamaso pa Limbe yense.

Ndakwera pabenchi. Ndati filimu ndi yomweyi, sanasinthe kanthu. Ndati ndinalekera gawo lachisanu. Kavalo sanafe, mwendo sunaduke, Marita kulibe ndipo sanakhaleko. Wabodza ndine, asiyeni bambowa.

Kenako wapolisi mmodzi wayamba kuseka, mnzake naye, mpaka awasiya a Namakhwa kuti agwire mimba zawo. Holo yonse yagwa nacho chiseko. Osaseka ndi anthu atatu okha: ine, Esitere, ndi mkulu amene akutola mandala ake pansi.

Atitulutsa tonse a ku Chitawira filimu isanathe. Palole sindinakwere, palibenso anandiitana. Limbe mpaka kuno wapansi.

Lamulungu

Ku tchalitchi benchi lakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ana akandiona akulira ngati kavalo.

Ankhoswe anga apita, abwerako madzi a tiyi asanawire. Chigamulo: nkhani ya ukwati idikire mpaka anthu akolole chaka chamawa. Pakhomo paja ndisapondepo. Ndikaonekere kwa akulu a mpingo Lachitatu. A Namakhwa akuti chokhacho chimene sanandithamangitsire kotheratu n'chakuti ndinakwera pabenchi paja ndekha, wosandikoka.

Masana ndikumva anthu ali pansi pa mango. Apempha Che Jafali, amene anatsalira m'holo, kuti afotokoze mmene zinathera. "Anathamangitsana, Mandevu anagwa." Basi. Anthu akhala pang'ono, kenako amwazikana. Mandevu anagwa bwanji, chagada kapena chafufumimba, palibe wafunsa. Sindidzadziwa.

Dzuwa litapendeka Esitere wadutsa ndi ndowa. Waima kuseri kwa mpanda wanga, nkhope kumsewu, maso otupa.

"Telala akufunsa khosi."

Ndati Esitere, Marita kulibe.

"Ndinamva dzulo. Limbe yense anamva. Nsalu ndinadula kale, ndiye khosi lake linali lotani?"

Ndati lozungulira, la timaluwa toyera m'mbali.

"Mwezi watha munati lamakona. Muli ndi chaka chathunthu, mukumbukire bwino."

Wasenza ndowa, wapita osacheuka.